Mpeni wa giledala ya thirakitala watha: ndiwotcherere sipuling'i kapena nditani?

Wa ku Santhe

Akuluakulu, safunsa anadya phula, ndiye ndabwera. Ndimayang'anira esiteti ya bambo anga kuno ku Santhe, ndipo kuchoka pa zigafa kukafika pa tala pali makilomita anayi a msewu wafumbi omwe timakonza tokha. Tili ndi thirakitala ya Massey Ferguson 375 ndi kagiledala komanga kumbuyo, ka mafiti 7, komwe bambo anagula kakale kwa mlimi wina mu 2016. Chigulireni sitinasinthepo kanthu. Kunena chilungamo, ngakhale girisi sindikumbukira kuti tinapakako liti.

Loweruka ndinauza dalaivala wathu kuti apale msewu mvula isanayambe, chifukwa chaka chatha lole ya feteleza inatitimira pa kadambo kena mpaka tinachita kututa matumba pa ngolo. Wapita katatu, kubwera katatu, msewu osasintha. Giledala ikungodumphadumpha pamwamba, n'kumasiya timabampu ngati malata. Nditagwada kuti ndione, ndapeza kuti mpeni uja wadyeka kwambiri. Kumanja watheratu, moti chitsulo chopindika chomwe mpeniwo umamangidwapo, chomwe ife timangoti bodi, chayamba kudyeka nachonso, ndipo bowo la bawuti lakumapeto latsala pang'ono kung'ambika. Pakati wadyeka molowa mkati ngati uta. Kumanzere kokha ndiye kukadali nyama. Mabawuti awiri anagwa kalekale, ndipo pa bowo limodzi dalaivala anaikapo bawuti la ngolo lamutu wotumphuka, lomwe mutu wake wasalala ngati ndalama yachitsulo.

China, ukagwira giledalayo kumapeto n'kuikankha, ikugwedera ngati dzino la mwana wa sitandade wani.

Mnyamata wowotcherera pa tiledi pano akuti ndisavutike, ali ndi masipuling'i a lole, awadula n'kuwawotcherera m'munsimo tsiku limodzi basi. Mtengo wake ndi wabwino ndithu. Ku Lilongwe ndinaimba mashopu awiri, ina inati mpeni wa saizi imeneyo mpaka aitanitse kunja, inayo inanditchulira mtengo woti ndinangoti zikomo n'kudula foni. Kodi za sipuling'izi zimagwira? Alipo anayesapo?

Makaniko Wopuma

Mwanawe, ndiyambe ndi kukudzudzula pang'ono, usakwiye. Mpeni umenewo anaupanga kuti uzidyeka. Ntchito yake ndi kufa m'malo mwa bodi. Iwe wausiya mpaka wafa, ndipo tsopano msewu wayamba kudya mwini wakeyo. Zaka zonsezi ukanangoumasula n'kuutembenuza, chifukwa mipeni yambiri ya tigiledala timeneti imakhala yakuthwa mbali zonse ziwiri, m'munsi ndi m'mwamba. Pita ukaone m'mwamba mwake. Ngati ndi wosongoka ngati m'munsi mmene munalili, ndiye kuti uli ndi mpeni wachiwiri womwe wakhala ukuyenda nawo chigulireni osadziwa. Koma pali polekezera: ngati kudyekako kwafika pafupi ndi mabowo, ukautembenuza sugwiranso bwino, chifukwa mbali yothayo ndi yomwe imatsamira pa bodi pamwamba pa mabawuti. Ine ndinkatembenuza pakatsala ngati zala ziwiri kuti nthaka ifike pa bodi.

Za sipuling'i ndikana. Ndaziwona kangapo pa maesiteti a fodya omwe ndagwirako ntchito. Chitsulo cha sipuling'i n'cholimba, inde, koma sichikondana ndi moto wa wowotcherera. Pomwe pawotchedwapo pamauma n'kusanduka ngati galasi, ndipo tsiku lomwe udzagunde mwala kapena chitsa chimathetheka motsatira msoko. Komanso masipuling'iwo ndi opindika, ndi aafupi, ndiye amalumikiza zidutswa zitatu kapena zinayi, mzere wake osawongoka. Choipa kwambiri n'chakuti ukawotcherera pa bodi wapha mabowo. Ulendo wotsatira udzafunika gulayinda ndi tsiku lathunthu kuti uchotse, ndipo bodi idzakhala itapindika ndi kutentha.

Koma mpeni si nkhani yaikulu pa zomwe walembazi. Ine chandigwira mtima ndi kugwederako, ndi kutha kwa mbali imodzi. Ukagula mpeni watsopano lero n'kuumanga pa giledala yogwedera, pofika nthawi yokolola udzakhala utathanso kumanja komweko.

Tenga tepi ndi kampeni kopalira dothi, uyeze zinthu izi. Mapini awiri a m'munsi omwe amalowa m'mikono ya thirakitala: 375 yakoyo mikono yake imalandira pini ya mamilimita 28, pomwe tigiledala tambiri tating'ono timabwera ndi mapini a mamilimita 22, a mathirakitala ang'onoang'ono. Ukalowetsa 22 m'bowo la 28 popanda bushi, kachitsulo konga mphete kodzaza mpatawo, ndiye kuti mbali iliyonse ikusewera mamilimita 6 usanayambe n'komwe ntchito. Pini ya topulinki, mkono wam'mwamba wolumikiza giledala ku thirakitala, nayonso ili pawiri, 19 ndi 25. Ukatha apo uone pini yaikulu ya pakati, pomwe bodi imazungulirapo, ndi kapini komwe umatsekera ukaipendeketsa. Mabowo a kapini kameneka amayamba ali obulungira, n'kumatalika pang'onopang'ono mpaka kuoneka ngati dzira. Anthu amapeputsa, amati mamilimita anayi n'chiyani. Werengera wekha: ngati kapiniko kali masentimita 20 kuchoka pakati, pomwe nsonga ya mpeni ili mita imodzi ndi pang'ono, kusewera kulikonse kumachulukitsidwa kasanu. Mamilimita anayi pa pini ndi masentimita awiri kunsonga. Malata ukuwaona mumsewuwo akuchokera pamenepo.

Ndipo chonde, pogwira ntchito imeneyi usakhulupirire hayidiroliki. Ikapo zipika ziwiri pansi pa felemu, zimitsa injini, kenako lowetsa manja. Mpeni wa mafiti 7 ndi wolemera kwambiri, ndipo bawuti lomaliza likamasuka suchenjeza. Mnzanga wina chala chake chachikulu chakuphazi chinatsala pa esiteti ina kwa Mkanda chifukwa cha zomwezi.

Wowotcherera wa ku Joni

Madala anena zoona zambiri koma pa sipuling'i ndiwatsutsako pang'ono. Kumudzi munthu umagwiritsa ntchito chomwe chilipo, si onse angadikire katundu wochokera kunja pomwe ndalama zakunja zikusowa chonchi. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 zitsulo zoitanitsa sizigwirika. Sipuling'i imatheka, kungoti anyamata ambiri amaiwotcherera yozizira ndi ma rod a 6013 omwe amapangira mawindo ndi mageti. Pamenepo inde ithetheka. Imafuna uyambe waitenthetsa ndi gasi, uwotcherere ndi rod ya 7018 youma bwino, ukatha uikwirire mumchenga wouma kapena m'phulusa izizire yokha mpaka mawa. Funsani mnyamata wanuyo ngati 7018 ali nayo komanso ngati makina ake amaikoka. Akayamba kukanda m'mutu, musiyeni apitirize mageti.

Koma achimwene, ine ndikanakhala inu sindikanapita n'komwe ku sipuling'i. Kuno komwe ndimagwira ntchito timakonza zidebe za makina okumba, ndipo mipeni yomwe magiledala akuluakulu a pamsewu amataya timaiona tsiku ndi tsiku. Giledala yaikulu ya mafiti 14 imamanga mipeni iwiri ya mafiti 7, saizi yanu yeniyeniyo. Iwo akati yatha, kwa thirakitala imakhala ikadali ndi moyo wautali, chifukwa ndi yokhuthala, ina mamilimita 16 ina 19. Fufuzani kwa makontilakita a misewu kapena kwa ogula zitsulo zakutha ku Lilongwe, mukhoza kuupeza pa mtengo wa sikirapu. Musankhe womwe wadyeka mofanana, osati wa uta ngati wanuwo.

Vuto lake ndi mabowo, kawirikawiri sagwirizana ndi a bodi yanu. Musayese kuboola mpeniwo ndi dirilo wamba, mungotentha mabiti anu onse, chitsulo chimenecho n'chowumitsidwa. Boolani bodi, ndi yofewa. Gonekani mpeni pa bodi, manani ndi makalampu, lembani mabowo, boolani. Muonenso ngati kupindika kwa mpeniwo kukugona bwino pa bodi yanu, chifukwa ukatsamira pa mabawuti okha umawadula.

Pomwe bodi yadyeka kumanjako, adule mowongoka n'kuikapo chigamba cha fulati ya makulidwe omwewo. Awotcherere pang'onopang'ono, masentimita asanu apa, adumphe, asanu uko, azilekeza kuti izizire. Akathamangitsa msoko umodzi kuchoka uku kukafika uko, bodi ikhota ngati nthochi ndipo mpeni sudzagonanso.

Mabawuti musaike a ngolo aja. Pamafunika mabawuti a pulawo, amutu wafulati wolowa m'kati, okhala ndi khosi la makona anayi kuti asazungulire pomanga. Dothi limangodutsa pamwamba pake. Gulani olimba, osati a m'magolosale. Akale aja musalimbane nawo ndi sipanala, dzimbiri la zaka zonsezi simungalithe, dulani manati ndi gulayinda n'kuwagogoda atuluke. Valani magalasi pogogodapo, chitsulo chowuma chimalumpha tizidutswa.

Mayi wa ku Kamwendo

Abambo mwakamba za zitsulo, ine ndikambeko za munthu wokhala pampandoyo, chifukwa kwathu kuno amene anandithera mpeni anali dalaivala osati msewu.

Bambo a ku Santhe, mwati munapala Loweruka lapitali. Mwezi wa October uno? Nthaka ya katondo panopa ili ngati njerwa yootcha. Mpeni sungalowe, umangokhula pamwamba, ndipo kukhulako ndi komwe kumaudya, makamaka ngati msewu wanu uli ndi lubwe kapena timiyala toyera tija. Mukuwotcha dizilo kuti munole chitsulo chanu chomwe. Ine ndimadikira mvula yoyamba igwe, ndisiye tsiku limodzi kapena awiri, kenako nditape dothi lamumsewu ndi kulifinya m'manja. Likaumbika osatuluka madzi, ndi tsiku lopala limenelo. Likamwazika ndi louma, likamata m'zala ndi lonyowa kwambiri. Mukapala pa chinyezi chotere dothi limadulika ngati sopo, ndipo matayala a thirakitala yomweyo amalitsindira.

Liwiro nalonso. Wanga uja ankapala ngati akuthamangira maliro, giya yapamwamba, fumbi kobo, anthu m'mudzi n'kumamuchemerera. Giledala yopepuka ikathamanga imadumpha basi. Ndinachita kukwera naye tsiku lina n'kumuuza kuti ayende moti ine nditatsika ndikhoza kumutsatira wapansi osathamanga. Anakwiya, koma msewu unasalala.

Za uta wapakatiwo ndikudziwa chimachititsa. Dalaivala wanu amayenda pakati penipeni pa msewu, mpeni uli chopingasa, ndiye pakati pa mpeni ndi pomwe pamakhula msana wa msewu nthawi zonse. Akamatero akuphwanyanso msanawo, madzi n'kumayenda mumsewu m'malo mothawira m'mbali. Azipala mbali imodzi popita, ina pobwera, mpeni uli chopendekeka kuti uzikokera dothi kuchoka m'ngalande kupita pakati. Msewu wafumbi umafuna msana wotsetsereka pafupifupi masentimita asanu pa mita iliyonse kuchoka pakati. Ine ndinakhomera kathabwa ka masentimita khumi kunsonga ya thabwa la mamita awiri, ndimaika levulo ya amisiri omanga pamwamba, basi ndiye choyezera changa.

Pa kadambo kanuko giledala siyikuthandizani ngakhale mpeni ukhale watsopano. Makande amafuna muthire miyala ndi lubwe, ndi kupatsa madzi njira yodutsira pansi.

Makaniko Wopuma

Mayi anena mfundo yomwe ndinaiwala, ndipo yandikumbutsa ina. Massey ili ndi ndodo ziwiri za hayidiroliki pambali pa mpando. Ina ndi ya dirafuti, yomwe imamva kulemera kwa pulawo kudzera pa topulinki n'kumakweza kapena kutsitsa yokha. Inayo ndi ya pozishoni, yomwe imasunga chida pomwe wachiika. Madalaivala ozolowera kulima amaiwala n'kupala msewu ali pa dirafuti. Mpeni ukangokumana ndi polimba, thirakitala imaukweza, ukadutsa imautsitsa, ndiye iweyo ukudzipangira mabampu ndi dzanja lako. Popala, ya dirafuti aikankhire m'mwamba ichoke pa ntchito, agwiritse ya pozishoni.

Kutha kwa kumanjako, kupatula kugwedera, yang'ana topulinki. Imika thirakitala pa simenti yosalala, kaya pakhonde la shedi yosankhira fodya, tsitsa giledala mpaka itatsala pang'ono kukhudza pansi. Felemu yake iyenera kugona mowongoka kuti pini yaikulu ija iime chilili. Ngati topulinki yafupika kapena yatalika, piniyo imapendama, ndipo ukangotembenuza bodi kuti ipendekeke, nsonga imodzi imatsika kuposa inzake. Dalaivala saona, amangoona kuti ikudula. Ukakonza apo, linganiza kumanja ndi kumanzere ndi chogwirira chopukusa chija cha pa mkono wakumanja. Matcheni a m'mbali nawo akhale omangika, asalole giledala kumayendayenda mpaka kukhula matayala.

Mwana wa ku Joni, za mpeni wa giledala yaikulu ndavomera, ndi nzeru. Za kukwirira sipuling'i m'phulusa ndamva, koma ndiuze mnyamata wa pa tiledi amene angadikire mpaka mawa kasitomala ataima pamenepo ndi ndalama m'manja.

Wa ku Santhe

Zikomo nonse, ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndibwere ndi manambala osati nkhambakamwa.

Madala, munalosera ngati munalipo. Mapini a m'munsi ndi a 22, ndipo lakumanja ladyeka mpaka lili ndi khosi, pakatikati pake ndapeza 19. Bushi mulibe, sindikudziwa ngati munakhalapo. Potsekera mapiniwo dalaivala anaika msomali wa mainchesi sikisi wopinda mbali imodzi, mbali inayo waya wa mpanda. Kapini kopendeketsera sikenikeni, ndi chidutswa cha chitsulo cha konkire cha 16 m'bowo lomwe poyamba linali la 25, ndipo bowo lomwe amakonda kugwiritsa ntchito latalika mpaka 31. Nditamufunsa anati pini yeniyeni inagwera m'munda "nthawi ya bwana wamkulu", kutanthauza bambo anga asanadwale, ndiye ndi zaka zosachepera zinayi. Sindinamukalipire kwambiri, chifukwa ineyo ndakhala ndikudutsa pa giledalayo tsiku lililonse osagwada.

Pini yaikulu ya pakati tinavutika nayo masana onse. Nipo, kachitsulo kopoperapo girisi, inathyoka kalekale, bowo lake linatsekeka ndi dothi louma ngati simenti. Tinathira oyilo wakutha usiku wonse, m'mawa mwake n'kuigogoda ndi hamala ya mapaundi 14 kudzera pa chitsulo china. Itatuluka inali ndi mizere yakuya moti chikhadabo chimakodwa. Ndaitengera kwa a leyithi, amisiri osema zitsulo pa makina, ku Kasungu pamodzi ndi mbale ya mabowo a kapini kopendeketsera, akuti asema pini yatsopano, akulitse bowo n'kuikamo bushi, ndipo mabowo a dzira aja awadzaza ndi kuwaboolanso.

Mpeni m'mwamba mwake ndi wakuthwadi, Madala, ndinachita manyazi. Koma kumanja kwadyeka mpaka theka la bowo, ndiye kutembenuza kwakanika. Mlamu wanga amayendetsa lole ya kontilakita wina, wandipezera mpeni wakale wa giledala yaikulu, mafiti 7, wokhuthala 16, ndipo m'lifupi mwatsala masentimita 13. Mabowo ake ndi a makona anayi, atatu okha ndi omwe akugwirizana ndi a bodi yanga. Mnyamata wa pa tiledi uja 7018 alibe, anayambadi kukanda m'mutu, koma chigamba cha bodi akuti achita ndipo ndikakhala pomwepo kumuwerengera masentimita asanuwo.

Mayi a ku Kamwendo, dalaivala ndamuwerengera uthenga wanu wonse pa foni. Pa za liwiro anangoseka, koma pa za ndodo ya dirafuti anakhala chete, kenako anati palibe anamuuzapo chiyambireni kuyendetsa. Thabwa lanu lija ndapanga kale.

Funso latsala limodzi. Mabowo atsopano pa bodi, awiri akugwera pafupi kwambiri ndi akale, mpata wake ngati sentimita imodzi. Ndiboole pomwepo, kapena ndiwadumphe awiriwo ndimange ndi otsalawo?

Wowotcherera wa ku Joni

Musadumphe achimwene, makamaka ngati ali chakumapeto, nsonga ndi yomwe imalandira nkhonya zonse. Akale awiriwo awatseke kaye. Aike kachidutswa ka kopa kapena ka aluminiyamu kokhuthala kuseri kwa bowo, adzaze ndi rod, chitsulo sichimata pa kopa. Asalaze ndi gulayinda mbali zonse kuti mpeni ugone, kenako muboole atsopanowo. Pomanga yambani ndi a pakati kupita kunsonga, ndipo mukapala maola awiri kapena atatu oyamba muime mumangenso onse, mudzadabwa mmene adzakhalire atamasuka. Mabawuti a 16 amafuna sipanala ya 24, ikani paipi kuti ikhale yaitali.

Mpeni wakalewo musagulitse kwa a sikirapu. Mbali yakumanzere yomwe ikadali ndi nyamayo dulani masentimita 30, musunge. Nsonga yakumanja ikadzayambanso kutha mudzamange kachidutswako pamwamba pake ndi mabawuti otalikirapo.

Makaniko Wopuma

Auze a leyithiwo aboole njira ya girisi m'pini yatsopanoyo ndi kuika nipo, apo ayi zaka zinayi zikubwerazi udzabweranso ndi hamala yako ija. Mabushi a 22 kupita ku 28 usagule, popeza mapiniwo atha kale. Ingosinthiratu uike mapini a 28, a leyithi omwewo akulitsa mabowo a felemu. Ugulenso timapini totsekera tamphete tokwana khumi, tiwiri pa giledala, totsalato m'bokosi la zida, chifukwa dalaivala wakoyo misomali ya sikisi akadali nayo yambiri.